Kaleya ka polima pa perovskite: Voc yakwera, fill factor yatsika

Tadala: Moni nonse pagulu pano. Funso langa likupita kwa amene mumapanga maselo a sola a perovskite ndi manja anu. Anga ndi a mtundu wa n-i-p: pansi galasi la FTO lodutsitsa magetsi, kenako SnO2 yonyamula maelekitironi, perovskite yomwa kuwala, spiro-OMeTAD yonyamula ma hole, pamwamba golide. Ndayamba kuyika kaleya kopyapyala ka polima ya PMMA pamwamba pa perovskite ndisanathire spiro. Voc, voteji ya selo ikakhala yosalumikizidwa, yakwera bwino ndithu, koma fill factor, muyeso wa mmene selo ikutulutsira bwino mphamvu yake, yatsika, moti pamapeto mphamvu ya selo ikungofanana ndi ya maselo opanda PMMA. Ndikachepetsa PMMA mu solventi, fill factor imabwerera, koma Voc nayonso imabwerera pamene inali. Kodi alipo malo apakati pamene ziwirizi zingakhale bwino nthawi imodzi?

Yamikani: Pepani akuluakulu, ine ndangoyamba kumene kuwerenga za maselo amenewa. PMMA si pulasitiki yooneka ngati galasi ija? Imeneyo magetsi sadutsamo. Nanga mukuiyika bwanji pakati pa selo, pamene magetsiwo akuyenera kudutsa?

Madalitso: A Yamikani, mwafunsa pamene pagona nkhani yonse, ndipo yankho lake ndi lomwelo limene a Tadala akufuna.

Perovskite imene timagwiritsa ntchito ndi kristalo yopangidwa ndi zinthu zitatu: mtovu, ayodini kapena bromini, ndi china chodzaza mipata ya pakati, monga methylammonium, formamidinium kapena cesium. Leya yake mu selo ndi yopyapyala zedi, pafupifupi nanomita 500, pomwe silikoni wa m'mapanelo wamba amapitirira maikromita 100. Dzuwa likawala, mkati mwa leyayi mumabadwa maelekitironi ndi ma hole, mipata ya chaji ya positive imene maelekitironi asiya. Maelekitironi ayenera kutulukira mbali imodzi, ma hole mbali ina. Mkati mwa kristalo zinthu zimayenda bwino modabwitsa, ngakhale kristaloyo ikhale ndi zilema zina. Vuto lili pamwamba ndi pansi, pamene kristalo yathera. Pamenepo pamakhala maatomu a mtovu amene alibe anzawo okwanira owazungulira, ndiponso mipata imene ayodini wachokapo. Elekitironi ikafika pamalo otere imakodwa, n'kukumana ndi hole, mphamvu yake n'kusanduka kutentha. Voc ndi imene imayamba kusonyeza kutayika kumeneku.

Tsono PMMA ikugwira ntchito ziwiri. Ili ndi magulu a kaboni ndi okosijeni, C=O, ndipo okosijeniyo amapereka maelekitironi ake kwa mtovu wosowa mnzake uja, msampha n'kutsekeka. Ntchito ina ndi yongolekanitsa: perovskite sikhudzananso paliponse ndi spiro, choncho elekitironi imene ili mu perovskite sipeza mpata wophweka wokumana ndi hole imene yalowa kale mu spiro. Zonse ziwirizi zimakweza Voc. Koma monga mwanenera, PMMA sidutsitsa magetsi. Ma hole amawoloka pokhapokha leyayo ikhale ya nanomita imodzi kapena ziwiri, mwa njira ya tunnelling, yolowerera kupyola chotchinga chopyapyala zedi, kapena akapeza timabowo m'leyayo. Ndipo tunnelling imatsika mofulumira kwambiri leya ikangokhuthala pang'ono. Ikakhuthala, series resistance, kukana kwa selo kudutsitsa karenti, imakwera, fill factor n'kugwa. Zimene a Tadala aona n'zimene ziyenera kuoneka.

Tadala: Zikomo aphunzitsi. Ndiye kuti mpata wake ndi wochepa kwambiri?

Madalitso: Ndi wochepadi ngati mukudalira kukhuthala kokha. Koma njira zina zilipo.

Chisomo: Aphunzitsi asanafike pa njirazo, achemwali, ndikufunseni: spiro wanu mukumusungunula mu chiyani?

Tadala: Chlorobenzene. PMMA nayonso ndi momwemo.

Chisomo: Eya, apo ndi pofunika kuyang'ana. Chlorobenzene amene wasungunula PMMA mu botolo angathenso kuisungunula pa selo. Mukadontheza spiro pamwamba, gawo lina la PMMA limasungunuka n'kusakanikirana ndi spiro kapena kuuluka nalo galasi likamazungulira. Chotsala ndi chimene chagwira zolimba pa mtovu ndi chimene chalowa m'ming'alu ya pakati pa tinjere ta kristalo. Ndiye kukhuthala kumene mukuganiza kuti mwayika si kumene kwatsala. Masekondi amene spiro wakhala pa galasi musanalizungulitse ali ndi mphamvu pa zotsatira kuposa mmene ambiri amaganizira. Yesani kudontheza galasi likuzungulira kale, ndipo nthawiyo izikhala yofanana pa selo iliyonse. Onaninso kukula kwa mamolekyu a PMMA yanu. Ya maunyolo aatali imasungunuka pang'onopang'ono kusiyana ndi ya maunyolo aafupi, choncho mabotolo awiri olembedwa dzina limodzi angakupatseni maleya osiyana.

Vuto lomweli limabwera mukaika polima pansi pa perovskite, chifukwa DMF ndi DMSO zimene timasungunuliramo perovskite ndi zaukali kwa mapolima ambiri.

Madalitso: A Chisomo anena zoona, ndipo zimenezi zikutithandiza kumvetsa chifukwa chake PMMA imagwira ntchito n'komwe. Pamwamba pa perovskite si posalala. Pali timapiri ndi tizigwa ta nanomita makumi angapo. Polima imakonda kudikha m'tizigwa ndi m'malire a tinjere, momwenso muli zilema zambiri, pomwe pa timapiri imatsala yopyapyala kapena kusowa kumene. Zikatero leyayo imakhala ngati mpanda wokhala ndi zipata: mbali yaikulu yatchingidwa, koma ma hole ali ndi potulukira.

Gulu la Jun Peng ku Australian National University linatsata mfundo imeneyi mwadala. Mu 2017 anasakaniza PMMA ndi PCBM, imene imanyamula maelekitironi, n'kuika kaleya kameneka pakati pa TiO2 ndi perovskite. Voc inakwera, hysteresis (kusiyana kwa zotsatira mukayesa voteji chokwera ndi chotsika) n'kuchepa kwambiri, popanda kutaya kayendedwe ka magetsi. Mu 2021 anapita patsogolo: anapanga tizipilala ting'onoting'ono ta TiO2 totulukira pamwamba pa leya ya polimayo, kuti zipata zija zisamadalire mwayi. Selo yawo ya sikweya sentimita imodzi inatsimikiziridwa pa 21.6 peresenti, fill factor yopitirira 0.83. Pa selo ya kukula kotero, nambala imeneyo ndi yaikulu.

Kwa inu a Tadala, chophweka n'kusakaniza PMMA ndi spiro pang'ono, kapena ndi polima ina yonyamula ma hole, m'malo moiyika yokha. Njira inanso ndi imene gulu la Michael Grätzel ku yunivesite ya EPFL ku Switzerland linasonyeza mu 2016: kuika PMMA mu antisolvent amene mumadontheza perovskite ikuuma. Pamenepo polima imathandizanso kakulidwe ka makristalo, ndipo iwo anadutsa 21 peresenti.

Kondwani: Ine ntchito yanga ndi ya mapanelo a silikoni, ndipo zimene mukukambazi sizachilendo kwa ife. Selo ya PERC, imene inachokera ku gulu la Martin Green ku University of New South Wales m'zaka za m'ma 1980, ili ndi leya yosadutsitsa magetsi kumbuyo kwake, yobooledwa malo ochepa kuti chitsulo chikhudze silikoni. TOPCon, imene Fraunhofer ISE inaonetsa mu 2013, ili ndi okosaidi wa nanomita imodzi ndi theka kapena pamenepo, wodutsitsa mwa tunnelling. Ndiye mfundo yake ndikuimva ndipo ndikuilemekeza.

Koma nkhawa yanga ili pena. Okosaidi wa silikoni ndi wolimba, wapsa pa ng'anjo yotentha madigiri mazana ambiri. Inu mukunena pulasitiki ya nanomita ziwiri yokhala pa mchere umene umaopa madzi. Panelo ya silikoni imagulitsidwa ndi lonjezo la zaka 25 kapena kupitirira. Padenga, dzuwa likaswa mtengo, selo imatentha kufika madigiri 60 mpaka 70. Kaleya kanuko kadzakhalapobe pakatha zaka khumi? Ndimaona mitu ya nkhani yonena za mapesenti atsopano kawirikawiri, koma munthu wogula panelo amagula magetsi a zaka zambiri, osati a tsiku loyesa.

Yamikani: Kodi perovskite imaopadi madzi chonchi?

Chisomo: Kwambiri. Tengani filimu ya methylammonium lead iodide, yakuda bii, muisiye pa mpweya wachinyontho. Imayamba kutuwa, kenako imasanduka yachikasu, ndipo chikasucho ndi lead iodide, kutanthauza kuti kristalo yaphwasuka. Mukadonthezapo madzi zimachitika mukuona. Selo yoyamba, ya gulu la Tsutomu Miyasaka ku Japan mu 2009, inali ya 3.8 peresenti, ndipo perovskite yake inkasungunuka mu electrolyte yamadzimadzi m'kanthawi kochepa. Zinthu zinasintha mu 2012 pamene gulu la Nam-Gyu Park mogwirizana ndi la Grätzel, komanso la Henry Snaith ku Oxford, anachotsa zamadzimadzizo n'kuika spiro-OMeTAD wouma, n'kufika pafupifupi 10 peresenti. Lero maselo a labu apitirira 26 peresenti. Ulendo umenewo silikoni unamutengera zaka makumi ambiri.

Thokozani: Bambo Kondwani, funso lanu ndi loyenera, ndipo ine amene ndimagwira ntchito yomata ndi kutseka ma module, maselo ambiri olumikizidwa pamodzi, ndiyankha mosabisa. Kaleya ka polima ka mkati mwa selo si chotchinga madzi. Anthu amakonda kuonetsa chithunzi cha dontho la madzi litaima mozungulira pa filimu yopakidwa polima, n'kunena kuti selo yatetezedwa. Chithunzicho chikungosonyeza kuti madzi amadzimadzi sakufalikira msanga pamwamba. Nthunzi ya madzi imadutsa mu PMMA, ngakhale yokhuthala, nanji ya nanomita ziwiri yokhala ndi timabowo. Gulu la Jinsong Huang linaonetsa mu 2016 kuti maleya opyapyala osadutsitsa magetsi, monga polystyrene, amakweza mphamvu ya selo ndi kuichedwetsa kuonongeka ndi madzi. Kuchedwetsako n'kothandiza pamene selo ikupangidwa. Zaka 25 ndi ntchito ya zinthu zina: galasi kutsogolo, galasi kumbuyo, ndi labala wa butyl m'mphepete monse.

Ngakhale pomatapo pali kusankha polima. EVA, imene ambiri amamatira silikoni, imatulutsa acetic acid ikamakalamba ndi kutentha ndi chinyontho, ndipo asidi ameneyu amadya perovskite. N'chifukwa chake ambiri asamukira ku polyolefin kapena polyurethane, zimenenso zimamatika pa kutentha kotsikirapo.

Pamene kaleya ka mkati kali ndi phindu lenileni pa moyo wa selo ndi pa adani amene ali mkati momwemo, amene galasi silingawatseke kunja.

Kondwani: Adani ake ndi ati, mayi?

Thokozani: Woyamba ndi ayodini mwiniwake. Mu perovskite maayoni a ayodini amayenda, makamaka kukatentha, kukawala, ndiponso pakakhala voteji. Akafika pa electrode ya siliva amapanga silver iodide, ndipo mukachotsa selo yokalamba pa chipangizo choyesera mumaona siliva wasintha mtundu, wachita mawanga. Chitsulo nachonso chimayenda kulowera mkati. Kafukufuku wa ku EPFL mu 2016 anasonyeza golide akudutsa mu spiro kulowa mu perovskite pa madigiri 70, kutentha komwe mwatchula kuja. Wachitatu ndi spiro yemweyo. Kuti anyamule bwino ma hole timamuthira mchere wa lithium, Li-TFSI, ndi tBP. Mcherewo umakoka chinyontho, lithium amayendayenda mu selo, tBP amauluka kukatentha, ndipo spiro amayamba kupanga makristalo ndi timabowo. Pomaliza, methylammonium imasanduka methylamine, gasi wongodikira mpata wothawa.

Polima yoikidwa bwino pamalire imachepetsa zonsezi: imatseka mipata ya pamwamba imene ayodini amayambira ulendo, imadzaza malire a tinjere amene ndi njira zake zophweka, imalekanitsanso perovskite ndi mankhwala a mu spiro. Sindikunena kuti imathetsa. Koma kusiyana kwake kumaoneka pa mayeso a kutentha.

Madalitso: Apa m'pamene mapolima onyamula magetsi amalowa m'nkhani, chifukwa ena anaganiza zongochotseratu spiro. PTAA inayamba kugwiritsidwa ntchito ndi gulu la Sang Il Seok ku Korea mu 2013, ndipo imapirira kutentha kuposa spiro. P3HT ndi yodziwika kalekale m'maselo a organic, ndipo singafune mankhwala owonjezera aja, koma ikakhudzana mwachindunji ndi perovskite Voc imagwa chifukwa cha recombination, kukumana kuja kwa elekitironi ndi hole, pamalire. Mu 2019 ofufuza a ku KRICT, bungwe la kafukufuku la ku Korea, anaika kaleya kopyapyala ka halide ya bandgap yaikulu pakati pa ziwirizi, kopangidwa ndi mchere wa ammonium wa maunyolo aatali. Kaleyako kanatseka misampha n'kuthandizanso maunyolo a P3HT kuyalana bwino, ndipo selo inatsimikiziridwa pa 22.7 peresenti. Polima yomweyo, imene ambiri anali ataitaya, inasintha chifukwa cha zimene zinaikidwa pansi pake. Ine phunziro limene ndimatengapo n'lakuti sitingaweruze polima payokha. Tiyenera kuona chimene yakhalapo ndi chimene chabwera pamwamba pake.

Chisomo: Ife timapanga a p-i-n, amene leya yonyamula ma hole imakhala pansi, ndipo kumeneko nkhani ya mapolima ili ndi zowawa zake. PEDOT:PSS ndi yosavuta kuyala, imabwera m'madzi, perovskite imafalikira bwino pamwamba pake. Koma ndi ya asidi, imadya ITO, leya yodutsitsa magetsi ya pagalasi, pang'onopang'ono, imakoka chinyontho, ndipo Voc yake ndi yotsika. PTAA imapereka Voc yabwino, koma imakana madzi moti solushoni ya perovskite imangodzikundika timadontho. Mukachotsa galasi pa spin coater, makina olizungulitsa poyala solushoni, mumapeza pakati pali filimu, m'makona muli mbee, popanda kanthu. Ambiri amathana nazo poika kaleya ka PFN-Br kapena polima yofanana nayo pamwamba pa PTAA. Msana wake umagwirizana ndi PTAA, timichira take ta maayoni timakoka solushoni. Gulu la Dieter Neher ku Potsdam linaonetsa mu 2018 kuti maleya otere, pamodzi ndi LiF kumbali ya C60 yonyamula maelekitironi, amachepetsanso recombination pamalire, pa maselo a sikweya sentimita imodzi.

Yamikani: Nanga poti ndimamva za ma SAM, monga 2PACz ndi Me-4PACz, kuti ndi amene ali m'maselo ambiri apamwamba tsopano. Kodi mapolima sanasiyidwe m'mbuyo?

Chisomo: Pansi pa perovskite mu p-i-n, ma SAM apambanadi malo ambiri. Ndi leya ya molekyu imodzi, yomangika pa ITO ndi phosphonic acid, siimwa kuwala, siwonjezera resistance. Koma imafuna okosaidi woti igwirepo, ndipo pamene sinaphimbe bwino perovskite imakhudza ITO mwachindunji. Pamwamba pa perovskite palibe okosaidi woteroyo. Komanso timamolekyu ting'onoting'ono tingathe kusuntha kapena kuchoka kukatentha, pomwe unyolo wautali wa polima wagwira malo ambiri nthawi imodzi ndipo suuluka. Pa mfundo imeneyo ndimaona kuti mapolima akadali ndi malo awo, ndipo ena akulumikiza mamolekyu a SAM omwewo kukhala maunyolo pa chifukwa chomwechi.

Madalitso: Ndibwerere pang'ono pa kayesedwe, chifukwa apa ophunzira ambiri amasokonezedwa ndi mapepala akale. Munkapeza olemba akuonetsa kuti photoluminescence ya perovskite, kuwala kumene imatulutsa ikawalitsidwa, yazima ataikapo leya yonyamula magetsi, n'kunena kuti n'chizindikiro chabwino, ma charge akutuluka msanga. Koma filimu imeneyo sinalumikizidwe ku waya uliwonse. Ma charge alibe kopita. Ngati kuwala kwazima kwambiri pa dzuwa lathunthu, nthawi zambiri ndiye kuti akufera pamalire. Selo yabwino ikakhala yosalumikizidwa iyenera kuwala kwambiri. Choncho a Tadala, musanapange selo yonse, yesani zitsanzo zitatu: perovskite pa galasi yokha, perovskite ndi spiro, perovskite ndi PMMA ndi spiro. Ngati chachitatu chikuwala kuposa chachiwiri, kaleya kanu kakugwira ntchito yake. Kuwala kukachuluka kakhumi, Voc ingathe kukwera ndi pafupifupi mamilivoti 60 pa kutentha kwa m'chipinda. Mukatero mudzadziwa kuti mwa Voc imene mwapeza, yochokera pamalire a pamwamba ndi yochuluka bwanji. Chitaninso chimodzimodzi ndi SnO2, chifukwa mwina dzenje lalikulu lili pansi, ndipo mukulimbana ndi pamwamba pokha.

Za fill factor, yesani selo pa kuwala kochepa. Ngati ikukwera kuwala kukachepa, vuto ndi series resistance, ndiye kuti PMMA yakhuthala. Ngati mzere wa J-V, wa karenti ndi voteji, ukupindika ngati S pafupi ndi Voc, pali chotchinga chenicheni pamalire.

Tadala: Kupindikako kulipo pa maselo a PMMA yambiri, aphunzitsi. Pa a PMMA yochepa kulibe. Ndiyamba ndi zitsanzo zitatuzo, kenako ndiyese kusakaniza ndi spiro.

Chisomo: Ndipo pa gulu lililonse la maselo muzipanga opanda PMMA tsiku lomwelo, ndi solushoni yomweyo ya perovskite. Mpweya wa mu glovebox, bokosi lotseka lopangiramo maselo, ukasintha pang'ono, Voc imasuntha yokha. Muziyerekeza maselo ambiri, osati wopambana wa mbali iyi ndi wopambana wa mbali inayo.

Kondwani: Zonsezi ndazimva, ndipo ndaphunzirapo. Komabe maselo anu ndi aakulu bwanji?

Tadala: Pafupifupi 0.1 sikweya sentimita.

Kondwani: Panelo imene ndimanyamula ine imafika masikweya mita awiri kapena kuposa. Mungayale bwanji leya ya nanomita ziwiri mofanana pa malo onsewo? Pakachepa, voteji yagwa. Pakachuluka, karenti yatsekeka. Ndipo mu module maselo amalumikizidwa motsatizana, wofooka mmodzi amakokera onse pansi.

Thokozani: Limeneli ndi funso limene ine ndimafuna kuti pepala lililonse la kaleya katsopano liziyankha. Spin coater ndi chida cha labu. Imataya solushoni yambiri ndipo siyenda pa galasi lalikulu. Ku fakitale ndi slot-die, blade coating kapena kuuzira mu vacuum. Pa slot-die filimu yonyowa imauma pang'onopang'ono, polima imasunthira kumene solventi akuuma mochedwa, ndipo m'mphepete mumakhuthala. Kaleya kamene kamagwira ntchito pa kukhuthala kumodzi kokha n'kovuta kukatengera ku fakitale, ngakhale kataswa mbiri mu labu. Kamene kamalola kusiyana kwa nanomita zingapo, monga kosakaniza polima yosadutsitsa ndi yonyamula magetsi, kapena kokhala ndi zipata zopangidwa mwadala, ndi kamene ndingakakhulupirire.

Pa ma tandem, pamene perovskite imakhala pamwamba pa silikoni, vutoli limakula, chifukwa silikoni wa fakitale ali ndi timapiramidi pamwamba. Solushoni imatsikira m'zigwa, nsonga n'kutsala pamtunda. Komatu phindu lake ndi lalikulu. Selo ya silikoni yokha singapitirire pafupifupi 29 peresenti, pomwe LONGi inalengeza tandem ya 33.9 peresenti mu 2023, ndipo Oxford PV inayamba kugulitsa mapanelo a tandem mu 2024. Choncho bambo Kondwani, zinthuzi zayamba kutuluka mu labu, ndipo zikubwera pamwamba pa silikoni wanu yemweyo.

Kondwani: Zikadutsa mayeso a IEC 61215 ndiziyang'ana ndi diso lina. Maola 1000 pa madigiri 85 ndi chinyontho cha 85 peresenti, ndiponso kuzizira ndi kutentha kuchoka pa madigiri 40 pansi pa ziro kufika 85, maulendo 200.

Thokozani: Alipo kale maselo ndi ma module a perovskite amene adutsa mayeso a kutentha ndi chinyonthowo atatsekedwa bwino. Koma mayeso amenewa anakonzedwa poganizira mmene silikoni amaonongekera. Mayeso a kutentha ndi chinyontho aja, damp heat, amachitika mumdima, pomwe perovskite imavutika kwambiri kuwala ndi kutentha zikabwera pamodzi. N'chifukwa chake mu 2020 ofufuza ambiri anagwirizana pa ndondomeko za ISOS zoyesera perovskite, zophatikiza kuwala, kutentha, voteji, ndi kusinthana kwa usana ndi usiku. Munthu akandiuza kuti selo yake ya polima yakhala miyezi osasintha, ndimafunsa kuti inali kuti. Ngati inali mumdima mu glovebox, sanayesebe. Iyenera kukhala pa kuwala, pa maximum power point, pa madigiri 65 kapena 85.

Mayeso a kuzizira ndi kutentha ndi pamene ndimaona kuti mapolima ali ndi mwayi umene sukambidwa mokwanira. Perovskite imafutukuka ndi kutentha kangapo kuposa galasi. Timaiumitsa pa madigiri 100 kapena 150 itagwira kale pa galasi, ndiye ikamazizira imafuna kukhwinyata koma galasi silikulola. Imatsala yokokedwa, ndipo kristalo yokokedwa imalola maayoni kuyenda mosavuta. Usana ndi usiku kukokanako kumabwerezedwa. Maleya a selo nawonso sagwirana mwamphamvu. Mu p-i-n, pamene C60 yakhudza anzake ndi pofooka kwambiri, moti ndaonapo maleya a pamwamba akusendeka onse pamodzi ndi chomatira, perovskite n'kutsala pagalasi ili gwa. Polima yofewa pamalire imatha kumwa kukokanako ndi kumata mbali ziwirizo. Mu 2023 gulu la Antonio Abate ku Helmholtz-Zentrum Berlin linagwiritsa ntchito polima ya fluorine yokhala ndi ma dipole oyalana, n'kupeza 24.6 peresenti pa selo ya p-i-n, ndipo maselowo anapirira kusinthasintha kuchoka pa madigiri 60 pansi pa ziro kufika 80.

Yamikani: Nanga polimayo payokha siisungunuka ikatentha choncho?

Chisomo: PMMA imayamba kufewa pafupifupi pa madigiri 105, polystyrene pafupifupi pa 100. Pa denga sizifika pamenepo. Koma pomata module kutentha kumapitirira, ndipo filimu yopyapyala kwambiri ingathe kufewa msanga kuposa chidutswa chachikulu. Ena amathana nazo polumikiza maunyolo a polima pambuyo poyala, crosslinking, ndi kutentha kapena kuwala kwa UV. Ikalumikizana siisunthanso, ndipo solventi wa leya yotsatira saichotsa, ndiye vuto la chlorobenzene lija latha. Chofunika n'chakuti kulumikizako kuchitike pa kutentha kumene perovskite ingapirire.

Ndichenjezenso za mapolima a amine monga PEI ndi PEIE. Amatsitsa work function ya electrode, mphamvu yofunika kuchotsamo elekitironi, monga gulu la Bernard Kippelen ku Georgia Tech linasonyezera mu 2012, ndipo ndi othandiza kumbali ya maelekitironi. Koma amine ndi base. Ikakhudza perovskite mwachindunji ingathe kulanda proton kwa methylammonium kapena kuchita reaction ndi formamidinium. Tsiku loyamba selo imaoneka bwino, kukatentha zinthu zimasintha. Malo ake abwino ndi pamwamba pa C60 kapena pa okosaidi.

Yamikani: Funso langa lomaliza ndi la mtovu. Panelo ikasweka mvula n'kugwa, mtovuwo upita kuti?

Madalitso: Funso limeneli tisalipeputse. Mtovu wa mu leya ya perovskite ndi wochepa, sufika galamu imodzi pa sikweya mita, koma uli mu mchere umene umasungunuka m'madzi, ndipo mtovu ndi woopsa makamaka kwa ana. Apanso mapolima akugwira ntchito, koma kunja kwa selo. Mu 2020 ofufuza a ku Northern Illinois University ndi NREL anaonetsa maleya okhala ndi phosphonic acid, kumbuyo atasakanizidwa ndi polima, amene amagwira mtovu woposa 96 peresenti selo ikasweka n'kunyowa. Leya yoteroyo ingakhale yokhuthala mmene mufunira chifukwa magetsi sadutsamo. Kaleya ka nanomita ziwiri ka mkati kalibe malo osungira mtovu wonsewo, choncho ntchito ziwirizi tisazisakanize.

Thokozani: Chinthu chimodzi chimene amene mukupanga maselo ang'onoang'ono simudzakumana nacho mpaka mutayamba ma module. Galasi limodzi limadulidwa ndi leza kukhala timizere ta maselo, ndi mizere itatu yotchedwa P1, P2 ndi P3. Pa P2 timachotsa perovskite ndi maleya ake kuti chitsulo cha pamwamba pa selo imodzi chitsike n'kukhudza ITO kapena FTO ya selo yotsatira. Ngati pansi pa perovskite munaika polima yosadutsitsa magetsi, kapena zotsalira zake zapsa n'kukakamira m'ngalandemo, kulumikizanako kumakhala ndi resistance, ndipo fill factor ya module yonse imatsika ngakhale selo iliyonse payokha ili bwino. Komanso m'mbali mwa ngalande ya P2 chitsulo chimakhudza perovskite mwachindunji, popanda kaleya kalikonse pakati, chifukwa kaleya kanu kanayalidwa leza isanadule. Ma module ambiri okalamba amayamba kusintha mtundu m'mizere imeneyi. Ofuna kuteteza pamenepo amayala chotchinga china pambuyo podula, ndipo chiyenera kuphimba khoma la ngalande n'kusiya pansi pake poyera kuti chitsulo chigwire.